Nyale za dongo za ku Scandinavia za m'ma 1950 mpaka 1970: Søholm, Royal Copenhagen, Rörstrand, Upsala-Ekeby kapena za amisiri a m'studio?

Kuyambira pamene nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inatha mpaka m'zaka za m'ma 1970, mafakitale oumba zadongo ku Denmark ndi ku Sweden ankalemba ntchito akatswiri a zaluso kuti azikonza maonekedwe a katundu wa m'nyumba za anthu wamba. Nyale ya patebulo inkayenda malonda kwambiri, chifukwa kumaikoko m'nyengo yozizira kumada msanga, ndipo anthu amakonda kuyatsa tinyale tambiri pamawindo ndi m'makona m'malo modalira getsi limodzi lakudenga. N'chifukwa chake nyalezi zidakalipo zambiri. Vuto ndi lakuti ogulitsa pa intaneti amaziunjika zonse pansi pa mawu amodzimodzi okopa, chikhalirecho ina ndi ya ma euro 60, ina ndi ya ma euro masauzande angapo, ndipo pachithunzi zonse zimakongola mofanana.

Nyale yotereyi ili ndi zigawo zitatu: thunthu ladongo, zamagetsi, ndi chipewa chophimba babu. Waya, holda (chogwirira babu) ndi chipewa mungasinthe nthawi iliyonse ndi ndalama yochepa. Thunthu ndilo silisinthika, ndipo ndi limene osonkhanitsa amalipirira. Choncho poyerekeza nyale ziwiri, maso anu akhale pa dongo, pa glaze (utoto wonga galasi wa pamwamba pa dongo) ndi pansi pa thunthu pamene pali chidindo.

ZOYENERA KUONA MUSANASANKHE

Mtundu wa dongo. Pali magulu awiri akuluakulu. Dongo lowotchedwa pa madigiri pafupifupi 1,000 mpaka 1,100 limatsala ndi timpata tosaoneka, limamwa madzi, ndi lopepukirapo ndipo limabenthuka msanga m'mphepete. Umu ndi mmene muli earthenware ndi faience. Stoneware amawotchedwa pa madigiri 1,200 mpaka 1,300, dongo limagwirana mpaka kusiya kumwa madzi, ndipo thunthu limalemera. Pansi pa nyale za ku Denmark mungapeze mawu akuti stentøj, pomwe m'zolemba za ku Sweden mudzaona stengods. Zonsezi ndi stoneware. Palinso chamotte, lomwe ndi dongo losakaniza ndi tizidutswa ta dongo lowotchedwa kale lopera, ndipo limakhala lokhakhala mukaligwira. Glaze ndi utoto umene umasungunuka m'ng'anjo n'kuuma ngati galasi. Pa nyale zabwino za nthawi imeneyi, ukatswiri wambiri uli mu glaze: nyale ziwiri za nambala imodzi zikhoza kusiyana mtengo kwambiri chifukwa ina inatuluka bwino pamoto kuposa inzake.

Chidindo. Musagule nyale imene wogulitsa sanajambule pansi pake. Ngati pansi anamatapo kansalu ka felt, m'pempheni akakanganule pang'ono. Mawu akuti "imafanana ndi ya wakutiwakuti" kapena "akuti ndi ya wakutiwakuti" amatanthauza kuti chidindo palibe, ndipo mtengo wake uyenera kukhala wa nyale yopanda dzina.

Kodi inapangidwa ngati nyale? Apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsidwa. Miphika yamaluwa yambiri inabooledwa pambuyo pake n'kuikidwa waya. Bowo la kufakitale linabooledwa dongo lisanawotchedwe: m'mphepete mwake ndi mosalala, kawirikawiri glaze amalowerera mkati pang'ono, ndipo khosi la thunthu ndi lopapatiza moti holda imakhalapo bwino. Bowo la dirilo limakhala lakuthwa, lothothoka tizidutswa m'mbali, ndipo dongo la mkati limaoneka latsopano. Mphika wa mmisiri wotchuka ukabooledwa umatsika mtengo kwambiri, ngakhale wogulitsa autchule kuti nyale yosowa.

Ming'alu ndi zigamba. Ming'alu imakonda pakhosi, pamene nati imapana dongo, ndi pabowo lotulukira waya. Gogodani thunthu ndi chala monga mmene amayi amayesera mbiya pamsika: lathunthu limalira bwino, long'aluka limamveka mogontha. Dziwani kuti zitsulo za mkati zimachepetsa kulirako, ndiye musadalire khutu lokha. Unikani ndi tochi ya UV mumdima, chifukwa guluu ndi utoto watsopano kawirikawiri zimawala mosiyana ndi glaze wakale. Malo okonzedwa amamvekanso ofunda ndi ofewa ngati pulasitiki mukawakhudza, pomwe glaze weniweni amazizira. Timizere tating'onoting'ono tambiri tokhala mu glaze mokha si mng'alu wa thunthu, ndipo pa earthenware timapezeka kawirikawiri.

Msinkhu. Ena amayeza dongo lokha, ena amaphatikiza holda, ena mpaka chipewa. Nyale yolembedwa masentimita 45 ikhoza kukhala ndi thunthu la masentimita 22 basi. Funsani msinkhu wa dongo lokha.

Mtengo wofika nayo pakhomo. Ku okushoni monga Bukowskis ndi Stockholms Auktionsverk ku Sweden, Bruun Rasmussen ku Denmark, kapena pa Auctionet, mtengo umene mwapambanira si womaliza. Amawonjezerapo gawo la nyumba ya okushoni, lomwe kawirikawiri limapitirira 20 peresenti, ndipo pa zinthu zina za akatswiri odziwika pamabweranso ndalama ya mmisiri kapena olowa m'malo mwake, yofika 5 peresenti. Kenako pali kulongedza, kutumiza ndi msonkho. Amene muli ku Britain musawerengere VAT yotsika ya zinthu zakale, chifukwa imeneyo ndi ya katundu wopitirira zaka 100, ndipo nyale ya mu 1965 sinafikepo. Wotumiza ku Malawi afunsiretu ku MRA za msonkho wake. Pa nyale yotchipa, ndalama ya ulendo ikhoza kuposa ya nyaleyo.

Magetsi ndi chipewa. Izi ndi zofanana pa nyale zonse, ndiye tizinene kamodzi. Nyalezi zinapangidwira magetsi a mavoti 220, choncho zimagwira ntchito ku Britain, Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa popanda thiransifoma. Waya wa zaka 50 kapena 60 amauma n'kuthetheka, makamaka polowera mu holda. Musinthe ndi waya watsopano wa 0.75 mm², muike kopanira waya kuti wina akakoka usamasuke mkati, ndipo pa pulagi ya mano atatu ya mtundu wa ku Britain muike fyuzi ya ma amp 3. Ngati holda ndi yachitsulo kapena ya brass, pamafunika waya wa nthambo zitatu kuti pakhale earth. Ngati simukudziwa bwino, ntchitoyi ndi ya mmisiri wa zamagetsi. Paipi yamazinga yodutsa pakhosi nthawi zambiri ndi ya mamilimita 10. Pakati pa nati ndi dongo muike washa ya labala, ndipo mumange ndi dzanja n'kuwonjezera pang'ono chabe ndi sipanala. Nyale zambiri zimang'aluka pa nthawi yokonza, chifukwa cha nati yomangitsa. Holda yakale yokhala ndi chizindikiro cha D kapena S chozunguliridwa, chosonyeza kuti inavomerezedwa ku Denmark kapena ku Sweden, musaitaye. Isungeni m'kathumba, chifukwa wogula wamtsogolo adzaifuna ngati umboni.

Holda zambiri ndi za E27, zopotokola, ngakhale ku Sweden zakale zina ndi za B22, zokanikiza n'kukhotetsa. Chipewa cha E27 chimakhala ndi bowo la mamilimita pafupifupi 40, cha B22 la pafupifupi 28, ndiye yezani musanagule. Babu la LED la mawati 4 mpaka 7, la kuwala kofiirira kwa 2700K, ndilo loyenera. Silitentha, choncho silipsereza chipewa. Posankha chipewa, m'lifupi mwake pansi mukhale pafupifupi mofanana ndi msinkhu wa thunthu, ndipo chitsike mokwanira kubisa holda koma osaphimba phewa la dongo.

NJIRA YOYAMBA: SØHOLM NDI MICHAEL ANDERSEN, ZA PACHILUMBA CHA BORNHOLM

Mafakitale onse awiri anali m'tauni ya Rønne, pachilumba cha Bornholm ku Denmark. Søholm inayamba mu 1835 n'kutsekedwa mu 1996, ndipo m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 inatulutsa nyale zochuluka za stoneware, zokonzedwa ndi anthu monga Einar Johansen, Maria Philippi, Noomi Backhausen ndi Haico Nitzsche. Za Johansen za buluu wakuya zimadziwika patali. Michael Andersen & Søn mudzaizindikira ndi chidindo cha nsomba zitatu. Marianne Starck anatsogolera zaluso kumeneko kuyambira 1955 mpaka 1993, ndipo glaze wawo wotchedwa Persia, wa timing'alu topangidwa dala, ndi amene osonkhanitsa amafunafuna.

Mtengo. Ndi wapansi mpaka wapakati. Ku okushoni za ku Denmark ndi Sweden, nyale wamba ya Søholm kawirikawiri siposa ma euro 150. Kwa ogulitsa amene aisintha waya n'kuika chipewa imafika mazana angapo. Ziwiri zofanana zimadula kuposa mtengo wa imodzi kuwirikiza kawiri.

Kupezeka. Palibe zina zopezeka mosavuta kuposa izi. Zili pa misika ya pa intaneti monga DBA, Tradera, eBay ndi Etsy pafupifupi nthawi iliyonse, ndiye palibe chifukwa chogulira yobenthuka. Mukadikira milungu ingapo, yabwino ya nambala yomweyo imatuluka.

Kasamalidwe. Za stoneware n'zosavuta: nsalu yonyowa pang'ono ndi sopo wochepa, pulagi mutazula. Pamalo osapakidwa glaze, fumbi limachoka ndi burashi yofewa. Za Persia musanyowetse kwambiri, chifukwa madzi akuda amalowa m'timing'alu tija.

Zoopsa. Ogulitsa amakonda kumata dzina la Einar Johansen pa nyale iliyonse ya buluu. Pansi pa nyale ya Søholm pamakhala nambala ya mtundu wake, nthawi zina ndi zilembo za munthu amene anapaka utoto, yemwe sikuti ndi amene anakonza maonekedwe. Yerekezani nambalayo ndi nyale zina zogulitsidwa kale ku okushoni. Komanso musayembekezere kuti nyale wamba ya Søholm idzakwera mtengo kwambiri. Zinapangidwa zambiri zedi. Ubwino wake ndi wakuti mumapeza stoneware weniweni wa ku Denmark, wolimba, pa ndalama yoti mtima suthamanga mwana akadutsa pafupi.

NJIRA YACHIWIRI: FAIENCE YA ROYAL COPENHAGEN NDI ALUMINIA

Aluminia inali fakitale ya faience ya ku Denmark imene inagula fakitale ya Royal Copenhagen mu 1882, ndipo dzina la Aluminia linasiya kugwiritsidwa ntchito mu 1969. Nils Thorsson anatsogolera gulu la akatswiri achinyamata, ambiri mwa iwo akazi, amene anapanga mitundu iwiri yotchuka: Tenera, ya buluu ndi pepo wowala, ndi Baca, ya mitundu yodera ngati yadothi. M'gululi munali Ellen Malmer, Johanne Gerber, Inge-Lise Koefoed, Berte Jessen, Marianne Johnson ndi Kari Christensen. Nyale zambiri zinapangidwa mogwirizana ndi kampani ya nyale ya Fog & Mørup, imene inkaika zitsulo ndi zamagetsi.

Mtengo. Wapakati. Zing'onozing'ono zimayandikana ndi za Søholm, zazikulu ndi zazithunzi zosowa zimafika ma euro mazana angapo.

Kupezeka. Zimapezeka bwino, ngakhale ku Britain ndi ku Germany, chifukwa zambiri zinagulitsidwa kunja zili zatsopano.

Kasamalidwe. Faience ndi yofewa kuposa stoneware, ndipo mathunthu ambiri a Baca ndi a makona anayi. Makonawo ndiwo amayamba kubenthuka. Poinyamula gwirani thunthu ndi manja awiri, osagwira holda. Musaiviike m'madzi ndipo jiki asayandikire, chifukwa amalowa m'dongo n'kudzatuluka ngati mchere umene umatukula glaze.

Zoopsa. Pa njira zonse, iyi ndi imene chidindo chake chimanena zambiri, ndipo n'chifukwa chake ndi yabwino kwa wongoyamba. Pansi pamakhala mizere itatu yamafunde ya Royal Copenhagen kapena chizindikiro cha mng'oma wa njuchi cha Aluminia, manambala awiri olembedwa ina pamwamba pa inzake, yapamwamba ya chithunzi ndi yapansi ya kaumbidwe, ndiponso chizindikiro cha katswiri amene anajambula. Mukaona mzere wokandidwa modutsa mafunde atatu aja, ndiye kuti fakitale inaiika m'gulu lachiwiri chifukwa cha kachilema. Nyale yotero si yoipa, koma mtengo utsike. Msampha wina ndi wakuti pafupifupi chilichonse cha Baca amachigulitsa m'dzina la Thorsson, pomwe chizindikiro chikusonyeza Malmer kapena Gerber. Palibe chifukwa cholipirira zambiri pa dzina lolakwika, ndipo ntchito ya akaziwa siichepa pa ya mtsogoleri wawo.

NJIRA YACHITATU: RÖRSTRAND, GUNNAR NYLUND NDI CARL-HARRY STÅLHANE

Rörstrand inayamba mu 1726 ku Stockholm, ndipo m'zaka za m'ma 1930 inasamukira ku Lidköping, kumene inapanga katundu mpaka 2005. Gunnar Nylund anafika mu 1931 atagwirako kale ntchito ku Denmark, ndipo anabweretsa glaze wosanyezimira, wosalala ngati khungu, wa timizere tosefukira. Anapanganso nyale zolemera za chamotte. Carl-Harry Stålhane anagwira ntchito kumeneko kuyambira 1939 mpaka 1973. Nyale zake za m'ma 1950 ndi zowonda, zazitali khosi, pomwe za m'ma 1960 ndi zojintcha, za glaze wakuda ndi wofiirira.

Mtengo. Wapakati mpaka wapamwamba. Ku okushoni za ku Sweden zambiri zimagulidwa pa ma euro mazana ochepa, koma m'masitolo a zaluso ku London kapena pa msika wa pa intaneti wa 1stDibs nyale yomweyo ikhoza kupitirira 1,000. Kusiyana kwa mtengo pakati pa okushoni ndi sitolo n'kwakukulu pa njira iyi kuposa pa ziwiri zoyamba zija, ndiye kuleza mtima kumapulumutsa ndalama zambiri.

Kupezeka. Zimatuluka pafupipafupi ku Sweden, koma kunja kwake n'zochepa. Kupeza ziwiri zofanana glaze n'kovuta, chifukwa moto sunkatulutsa zofanana ndendende.

Kasamalidwe. Dongo ndi lolimba. Chovuta ndi glaze wosanyezimira uja, amene amagwira mafuta a m'manja ndipo chitsulo chikamukhudza chimasiya mzere wotuwa. Vulani mphete pogwira. Mizere yotero kawirikawiri imachoka ndi labala yoyera yofufutira pensulo. Musapalepo ndi siponji yokhakhala kapena ufa wotsukira mapoto, chifukwa pamalopo pamayamba kunyezimira ndipo sipabwereranso. Chamotte imasunga fumbi ndi utsi m'timaenje take, ndiye si yoika pafupi ndi khitchini. Pansi pake pamakanda tebulo, choncho matanipo timadontho ta felt koma osaphimba chidindo.

Zoopsa. Chidindo ndi chilembo R chokhala ndi zisoti zachifumu zitatu, pamodzi ndi GN kapena CHS, kawirikawiri zolembedwa mokanda m'dongo lisanapse. Zilembozi zikusonyeza amene anakonza maonekedwe, osati kuti iye ndiye anaumba ndi manja ake. Zambiri zinapangidwa mochuluka ndi antchito a fakitale. Zopangidwa imodzi yokha zilipo ndipo zimadula kwambiri, koma wogulitsa akanena zimenezo asonyeze umboni pachidindo. Vuto la miphika yobooledwa ndi lalikulu pano, chifukwa miphika yamaluwa ya Nylund ndi Stålhane ili ndi makosi oonda oyenera holda. Khosi likaoneka lalifupi modabwitsa kapena labisidwa ndi kachipewa kachitsulo, mwina linathyoka n'kudulidwa. Pemphani chithunzi kachitsuloko atakachotsa.

NJIRA YACHINAYI: UPSALA-EKEBY NDI EARTHENWARE INA YA KU SWEDEN

Upsala-Ekeby inayamba mu 1886 ngati fakitale ya njerwa ndi matailosi, kenako inatchuka ndi zokongoletsa m'nyumba zokonzedwa ndi Anna-Lisa Thomson, Ingrid Atterberg ndi Mari Simmulson. M'gulu lomweli tingaikemo Tilgmans ya ku Göteborg, imene nyale zake zili ndi zithunzi zokandidwa m'dongo.

Mtengo. Ndi wotsika kuposa njira zonse, kupatula zochepa zosowa za Thomson ndi Atterberg.

Kupezeka. Zambiri pa Tradera ndi pa Auctionet. Chidindo ndi UE kapena Ekeby, nambala, ndi zilembo za katswiri monga ALT kapena MS.

Kasamalidwe. Zisakhale pamalo achinyezi, ndipo zipukutidwe ndi nsalu youma kapena yofinyidwa kwambiri. Glaze wakale wa earthenware akhoza kukhala ndi mtovu. Pa nyale si vuto, koma musapale ndi sandipepa pofuna kusalaza pobenthuka.

Zoopsa. Zimabenthuka msanga ndipo sizipirira ulendo wautali. Kukonzetsa kwa katswiri kumadula kuposa nyaleyo, ndiye yowonongeka ingosiyani.

NJIRA YACHISANU: PALSHUS, SAXBO, ARNE BANG, GUSTAVSBERG STUDIO NDI AXEL SALTO

Apa ndi pamene pali nyale zosonkhanitsa zenizeni. Palshus inali ya banja la Per ndi Annelise Linnemann-Schmidt, pafupi ndi Taastrup ku Denmark, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 mpaka kuchiyambi kwa m'ma 1970. Za m'ma 1950 zili ndi glaze wa timizere tosalala tonga ubweya wa kalulu. Za m'ma 1960 ndi za chamotte zokandidwa mizere. Saxbo inali ya Nathalie Krebs, katswiri wa glaze, ndipo inatsekedwa mu 1968. Arne Bang ankaumbira ku Fensmark, ndipo mathunthu ake a mizere yotumphuka amakhala ndi zilembo AB. Ku Sweden, Gustavsberg inatsegula studio yake mu 1942 pansi pa Wilhelm Kåge, ndipo chidindo chake ndi dzanja. Kumeneko Berndt Friberg ankaumba yekha pa gudumu, ndipo Stig Lindberg anapanga nyale za faience ndi za stoneware. Axel Salto, amene ntchito zake zambiri zinawotchedwa ku Royal Copenhagen, ndiye ali pamwamba pa onse, ndi mathunthu ake a timabampu tonga mphukira.

Mtengo. Palshus ya chamotte ndiyo khomo lolowera, pa ma euro mazana ochepa. Saxbo, Arne Bang ndi Palshus ya glaze wosalala zimayambira pa mazana angapo kupita m'mwamba. Za Friberg ndi Salto zimawerengedwa m'masauzande. Argenta ya Kåge, yobiriwira yokhala ndi zithunzi za siliva, inayamba kuonetsedwa mu 1930 ndipo inapangidwa kwa zaka zambiri, choncho ndi yotchipirapo kuposa mmene dzina la Kåge lingakuganizitsireni.

Kupezeka. Palshus ndi Argenta zimaoneka kawirikawiri. Zinazo zimatuluka apo ndi apo ku Bruun Rasmussen ndi Bukowskis, ndipo mumapikisana ndi ogulitsa a ku America ndi ku Asia.

Kasamalidwe. Dongo lake silivuta, koma chilichonse chimene mungachite chimakhudza mtengo. Musabooleko bowo lina, musamate holda ndi guluu, ndipo zitsulo zoyambirira zisungidwe. Siliva wa pa Argenta ndi wopyapyala. Akada, pukutani mopepuka ndi nsalu ya siliva, chifukwa polishi wamphamvu amamudya mpaka chithunzi kufufutika. Nyale zambiri za Palshus zimayenda ndi chipewa chopindapinda cha Le Klint, kampani imene inayamba mu 1943 ndipo ikupindabe zipewa ndi manja ku Odense. Chakale chimachita chikasu n'kuyamba kuthetheka m'mapindo. Chatsopano chimapezeka, koma si chotchipa, ndiye chiwerengereni.

Zoopsa. Pamene pali ndalama zambiri ndi pamene pamakhala zigamba zobisika mwaluso. Timabampu ta Salto ndi mizere ya Arne Bang zimathothoka nsonga, ndipo wokonza waluso amazibwezeretsa moti ndi maso simungaone. Pemphani lipoti lolembedwa la mmene nyaleyo ilili musanapikisane, ndipo mufunse mwachindunji ngati anaiunika ndi UV. Salto anamwalira mu 1961, koma fakitale inapitiriza kupanga zina mwa ntchito zake, ndipo chaka chimakhudza mtengo. Pa chidindo cha Royal Copenhagen, kuyambira 1935, kamzere kakang'ono pamwamba kapena pansi pa chilembo china kamasonyeza chaka, choncho chithunzi cha chidindo chikhale chooneka bwino.

Pali nyale zina zimene zimasokoneza ambiri: zokhala ndi kapepala ka Bergboms. Bergboms inali kampani ya nyale ya ku Malmö, ndipo mathunthu ake ambiri adongo inkaitanitsa kwa Bitossi ku Italy. Ndi nyale zabwino ndipo zili ndi ozikonda, koma dongo lake si la ku Scandinavia. Ngati cholinga chanu ndi ntchito ya oumba a ku Denmark ndi Sweden, ikani ndalama kwina.

NJIRA ITI KWA NDANI

Ngati mukufuna nyale yoyatsa tsiku ndi tsiku m'nyumba ya ana ndi alendo, tengani Søholm ya stoneware ya thunthu lotambalala pansi, losagwa msanga. Ndi njira yomweyo kwa amene akufuna ziwiri zofanana za m'mbali mwa bedi, chifukwa nambala imodzi imapezeka kawiri popanda kudikira chaka.

Ngati mukuyamba kusonkhanitsa ndipo mukufuna kuphunzira kuwerenga zidindo, Baca ndi Tenera zikuyenerani, bola muziike pamalo osagundidwa. Wokonda mitundu yowala ndi zithunzi, ndalama zili zochepa, ndipo amakhala ku Ulaya komwe ulendo ndi waufupi, ayang'ane Upsala-Ekeby.

Ngati chimene chimakukokani ndi glaze, ndipo mungathe kudikira okushoni ya ku Sweden, Rörstrand ya Nylund kapena Stålhane ndiyo imapereka zambiri pa ndalama yanu, Palshus ikutsatira pafupi. Za Friberg, Saxbo ndi Salto ndi za munthu amene wagwirapo kale nyale zambiri m'manja, amene angagule kudzera ku nyumba ya okushoni yopereka lipoti lolembedwa, komanso angalipire inshuwalansi.

Ngati nyaleyo ikupita ku Lilongwe, Lusaka, Harare kapena Johannesburg, sankhani stoneware ya thunthu losapitirira masentimita 30, yopanda khosi lalitali, ndipo faience ndi earthenware muzipewe. Chipewa musatumize, chimakulitsa katoni ndipo chimafika chophwanyika, pomwe cha nsalu yoyera mungagule kapena kusoketsa komweko. Uzani wogulitsa amasule holda ndi paipi kuti zisakankhe khosi katoni ikagwa, akulunge pulagi payokha kuti isagogode glaze, ndipo aike katoni m'katoni inzake ndi zofewa zosachepera masentimita 5 mbali zonse. Wachibale akamabwera pandege, thunthu likhale m'chikwama chonyamula m'manja, zitsulo ndi waya zipite m'sutikesi.